Zithunzi za nyama ndi mapiri zikamangokanika: poyambira kufufuza vuto pa kamera ya digito ndi ya filimu

Chilimwe chikangotha, madandaulo amene ndimamva kwa anzanga ojambula amakhala omwewo chaka ndi chaka. Uyu wachokera ku Liwonde, njovu zake zonse zili mwachimbuuzi. Uyo wagona masiku atatu pa phiri la Mulanje, koma chithunzi chilichonse chili ndi kadontho kakuda pakona imodzimodzi. Winanso watumiza filimu ya ku Nyika kokatsuka, yabwerera yoyera ngati sinalowepo mu kamera. Onse amayamba ndi mawu amodzi: "Kamera yanga yatha." Tikakhala pansi n'kuona bwinobwino, nthawi zambiri kamera imapezeka ilibe mlandu. Wolakwa amakhala fumbi, kutentha, chinyezi, kapena chala cha mwini wake.

Pansi pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimapezeka kawirikawiri, n'kumalizira chosowa. Musadumphe. Ndinaonapo munthu akufunsa mtengo wa lenzi yatsopano pamene vuto lake linali injini ya galimoto imene sinazimitsidwe.

## 1. Nyama yatuluka mwachimbuuzi

Musaweruze pa kasikirini ka kamera. Tsegulani chithunzicho pa kompyuta, chikulitseni mpaka 100%, kenako funafunani pamalo pamodzi pokha pamene paoneka bwino. Pamenepo ndi pamene paulule wolakwa.

- Palibe pooneka bwino, zonse zakokeka mbali imodzi: kamera inagwedezeka.
- Mitengo ili bwino, nyama yokha ndiyo yapakika: inasuntha shata, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, isanatseke.
- Udzu wa patsogolo ukuwerengeka umodziumodzi, nyama ili mbuu: fokasi, malo amene lenzi imasankha kuti aoneke bwino, inagwira polakwika.
- Zonse zapindikapindika ngati mukuziona pansi pa madzi: ndi mpweya wotentha.

Shata ikuchedwa. Ili ndilo vuto la anthu ambiri. Lamulo lakale limati liwiro la shata lisachepere kutalika kwa lenzi: lenzi ya 300mm, shata 1/300 ya sekondi kapena yofulumirapo. Koma makamera ambiri amene tili nawo ali ndi sensa yaing'ono (sensa ndi kachipangizo ka mkati kolandira chithunzi m'malo mwa filimu), choncho muchulukitse kutalikako ndi 1.5 pa Nikon ndi Sony, 1.6 pa Canon. Lenzi ya 300mm ija ikufuna 1/500. Izi n'zongoletsa kunjenjemera kwa manja anu, nyamayo sitinaiwerengere. Njovu yoyenda pang'onopang'ono imakwana pa 1/500, nswala zothamanga zimafuna 1/1000 kupita m'tsogolo, ndipo nkhwazi yotsika kudzawakha nsomba musaiyese pansi pa 1/2000.

Chimene chimatchinga ambiri ndi mantha a ISO, nambala imene mukaikweza kamera imatha kujambula ndi kuwala kochepa. Anamva kuti ISO ikakwera chithunzi chimachita timchenga, ndiye amaumirira pa 200 ngakhale dzuwa lisanatuluke. Kwezani, 1600 kapena 3200, osawiringula. Timchenga timachepetseka pa kompyuta, koma mkango wopakika palibe pulogalamu youbweza. Pa filimu simungasinthe ISO pakati pa njira, choncho ulendo wa m'bandakucha lowetsani ya 400.

Injini ikulira. Galimoto ikaima koma injini ikadali moyo, kunjenjemera kwake kumadutsa pachitseko, kulowa m'chigongono chanu mpaka mu lenzi. Pemphani woyendetsa azimitse. Ambiri amadziwa kale, amangodikira kuti wina anene. Pa boti la pa Shire n'chimodzimodzi, ndipo kumeneko musatsamiritse lenzi pachitsulo cha boti injini ikuyenda, bola kuigwira m'manja. Chotsamirapo chabwino sichigulidwa kunja: sokani kathumba ka nsalu yolimba, mudzazemo nyemba kapena mpunga wokwana makilogalamu awiri, muike pazenera. Anzanu a m'galimoto nawonso auzeni akhale phee, chifukwa wina akangotembenuka pampando galimoto yonse imayepa.

Fokasi yagwira udzu. Kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha, imakonda chimene chili pafupi. Sankhani kadontho kamodzi ka fokasi, muike padiso la nyama. Nyama yoyenda ikufuna fokasi yoitsatira, yotchedwa AF-C pa Nikon ndi Sony, AI Servo pa Canon. Nyama ikabisala m'zitsamba, monga amachitira nyalugwe ndi chipembere, zimitsani fokasi ya yokha mupotokole ndi dzanja.

Mpweya wotentha. Mu Okutobala ku Majete ndi chigwa chonse cha Shire kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Ikamakwana 10 koloko nthaka imakhala ikufuka, ndipo chilichonse chotalikira chimavinavina. Lenzi ya mtengo wa galimoto ndi yotchipa zimagonja mofanana. Mankhwala ake n'kulawira, kapena kudikira nyama iyandikire yokha. Musatsike m'galimoto kuti muisendere, wokuperekezani akakana wakana. Onaninso kuti simukujambula modutsa pamwamba pa boneti yotentha.

Zing'onozing'ono zimene zimaiwalika:
- Filter yotchipa ya UV, kagalasi komangira kutsogolo, pa lenzi yaitali. Ichotseni, mujambulenso, muyerekeze.
- Kabowo ka lenzi kolowera kuwala kotsekedwa mopitirira (nambala ya f ikamakula, kabowo kamachepa). Ojambula mapiri amakonda f/22 poganiza kuti zonse zioneka, koma kupitirira f/16 chithunzi chimayamba kufewa. Khalani pa f/8 kapena f/11.
- Choletsa kugwedezeka, VR kapena IS, chosiyidwa choyaka kamera ili pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. Malenzi akale amayamba kusakasaka kugwedezeka kumene kulibe.
- Mwera wa kunyanja. Musatalikitse tripod mpaka kumapeto, kolekani chikwama pansi pake, ndipo gwiritsani ntchito timer ya masekondi awiri kuti kamera ijambule yokha musakuikhudza.
- Kagudumu ka pambali pa poonera, poika diso paja, kasuntha. Ngati manambala a mkati mwa poonera nawonso sakuwerengeka, potokolani kagudumuko mpaka awerengeke.

Imani apa, pitani kwa katswiri: matani nyuzipepala pakhoma, ikani kamera pa tripod moyang'anizana nayo bwinobwino, jambulani pa f/8 ndi timer. Ngati mbali imodzi imangotuluka yofewa nthawi zonse, kapena lenzi ikulira gwegwede mkati mukaigwedeza pang'ono pambuyo poti inagwa, magalasi ake asuntha. Zimenezo sizikonzedwa patebulo la kunyumba.

## 2. Kumwamba kwayera mbee, nyama yada bii

Mita ya mu kamera, imene imayeza kuwala, ili ndi khalidwe limodzi: chilichonse imafuna kuchisandutsa chotuwa chapakatikati. Mukaionetsa choyera imachidetsa, mukaionetsa chakuda imachiwalitsa. Mukadziwa zimenezi, zambiri za m'gawo lino mwazimva kale.

1. Zimene munasiya dzulo. Usiku munali pa ulendo woona nyama ndi nyali ku South Luangwa, ku Zambia, ISO ili pa 6400. M'mawa mwaiwala. Musanatuluke pamsasa onani zinthu zinayi: ISO, batani la +/- lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, white balance yokonza mitundu, ndi gudumu la pamwamba, limene limakonda kusuntha lokha m'chikwama.
2. Mbalame yakhala kutsogolo kwa thambo lowala. Mita yawerenga thambo, mbalame yatsala mthunzi. Onjezani +1 mpaka +2.
3. Choyera chapsa. Mutu wa nkhwazi ndi nthenga za kakowa padzuwa zimasanduka chigamba choyera chopanda kanthu. Chepetsani ndi -1 ndipo yatsani chenjezo lophethira pa sikirini. Pa digito, poyera pakapsa papsa.
4. Chakuda chadzaza chithunzi. Njati kapena njovu yonyowa ikayandikira, kamera imaiwalitsa n'kuisandutsa yotuwa ngati phulusa. Chepetsani pang'ono, cha m'ma -0.7.
5. Sikirini ikukunamizani. Padzuwa imaoneka yakuda, usiku imaoneka yowala. Khulupirirani histogram, kachithunzi konga mulu koonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja: ngati mulu waunjikana kukhoma la kumanja, mwapsereza.
6. Kuwala kwake n'kosatheka. Masana kunyanja, mchenga ukuthobwa m'maso pamene pansi pa mtengo pali mdima, palibe kamera yonyamula zonse ziwiri nthawi imodzi. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yaona, kapena tengani zithunzi zitatu zosiyana kuwala muziphatikize pa kompyuta. Ine ndimangokhala pamthunzi kudikira 4 koloko.

Filimu ili ndi mtima wina. Ya negative, monga Kodak Portra 400 kapena Ilford HP5 Plus, imakhululuka kuwala kukachuluka koma imadana ndi mdima, choncho mukakayika ipatseni kuwala kowonjezera. Ya slide, imene imatuluka ndi mitundu yeniyeni yosatembenuzika, monga Fujifilm Velvia 50, siseka ndi munthu: mukaphonya ndi theka la sitepe zioneka (sitepe imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri kapena kukudula pakati).

Kwa katswiri: ngati zithunzi zili bwino kabowo kakakhala kotsegula konse, koma zimawala mopitirira mukaika f/11 kapena f/16, timasamba ta mkati mwa lenzi tamatidwa ndi mafuta ndipo tikuchedwa kutseka. Mukasuzumira mudzaona tikunyezimira. Musathiremo kanthu.

## 3. Kadontho pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse

Kamaoneka kwambiri pathambo ndi pamadzi, makamaka pa f/11 kupita m'tsogolo. Kuti mutsimikize, ikani f/22, sokonezani fokasi mwadala, jambulani khoma loyera. Madontho onse aonekera.

1. Fumbi pa sensa. Pafupifupi nthawi zonse ndi limeneli. Misewu ya m'malo osungira nyama mu Seputembala ndi fumbi lokhalokha, ndipo nthawi iliyonse mukachotsa lenzi mwalitsegulira chitseko. Makamera opanda kalilole mkati, otchedwa mirrorless, amavutika kwambiri chifukwa sensa yawo imakhala pamtunda.
2. Kachitsotso pagalasi la kumbuyo kwa lenzi. Sinthani lenzi, mujambulenso khoma. Dontho likasowa, sensa ilibe mlandu.
3. Kadontho kowala, kofiira kapena kobiriwira, pa zithunzi za usiku. Ameneyo si fumbi, ndi pixel yotentha, kadontho ka pa sensa yeniyeniyo. Mu menyu yatsani long exposure noise reduction pojambula nyenyezi.

Fumbi limene mukuliona mu poonera pa kamera ya kalilole koma silikutuluka pachithunzi, lisiyeni. Lili pakalilole kapena pagalasi la pamwamba pake, ndipo kumeneko kumakandika ndi kanthu kakang'ono.

Kuyeretsa kwake:
- Yambani ndi kuyeretsa kwa kamera yomwe, kuli mu menyu.
- Dzazani batire kaye. Likathera pakati, shata imatsekera chimene chili mkatimo.
- Yang'anitsani kamera pansi, pemererani ndi kapampu ka labala, nsonga yake isalowe mkati.
- Dontho limene lili kumtunda kwa chithunzi lifuneni kumunsi kwa sensa, chifukwa lenzi imatembenuza zinthu chadodolido.
- Musauzire ndi pakamwa, mumwazamo malovu. Musagwiritse ntchito mpweya wa m'chitini, thonje la m'makutu, ngakhale sipiriti wa kugolosale.

Kutchire sinthani lenzi galimoto itaima ndipo fumbi litakhazikika, kamera ili yozima, mkati mwa chikwama kapena mwa pilokesi yoyera.

Kwa katswiri: dontho lozungulira lokhala ndi mphete, limene silichoka ngakhale mupemerere kangati, ndi mafuta kapena madzi ouma. Timitengo topukutira sensa tilipo, koma ngati simunaonepo wodziwa akuchita, musaphunzirire pa kamera yanu yokhayo.

## 4. Chithunzi chatuwa ngati pali utsi

1. Ndi utsi ndithu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, moto wa m'tchire ndi fumbi zimadzaza mlengalenga. Mutaima pa phiri la Zomba, Mulanje amene mumamuona bwinobwino mu Epulo amangosowa. Polariser, filter yochepetsa kunyezimira, imathandiza pang'ono dzuwa likakhala chakumbali kwanu, koma imadya kuwala pafupifupi masitepe awiri, ndipo pa lenzi yotambalala imasiya thambo lamawangamawanga. Pa filimu ya black and white, filter yachikasu kapena yofiira imadula utsi bwino. Kunena zoona, miyezi imeneyi ndi ya nyama, poti zimasonkhana pamadzi ndipo udzu wagwa. Mapiri akutali asungireni mvula ikangokata.
2. Dzuwa likugunda galasi la kutsogolo. Valikani hood, chotchinga dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi, nthawi zonse. Ngati mulibe, tchingani ndi chipewa, mudzaona mitundu ikubwerera pomwepo.
3. Mafuta a zala. Mafuta odzola oteteza kudzuwa ndiwo amanyanya. Pemererani kaye kuti mchenga uchoke, kenako pukutani ndi kansalu ka malenzi, osati malaya. Mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula pulasitiki ndi labala za kamera, sambani m'manja mukadzola.
4. Thukuta la galasi. Mwatulutsa kamera m'chipinda chozizira cha aircon n'kupita nayo kugombe kwa chinyezi, kapena mwachoka nayo panja pozizira ku Nyika n'kulowa m'nyumba mwa moto. Isiyeni, iuma yokha, ndipo musachotse lenzi nthawi imeneyo. Ulendo wina itsekereni m'pepala la pulasitiki musanasinthe malo, muitulutse pakatha theka la ola.
5. Chuku mkati mwa lenzi. Ili ndilo loopsa, ndipo dzinja lathu limalilera bwino.

Pa chuku ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndinatayapo lenzi imene ndinkaikonda. Ndinaiika m'chikwama chake chachikopa mu Disembala, n'kuikankhira kuseri kwa wadiropu poganiza kuti ndaisamala. Pofika Epulo, nditaunikira ndi tochi kuchokera kumbuyo, mkati munali timizu toyera tonga ukonde wa kangaude, tayambira m'mbali kulowera pakati. Mdima, chinyezi ndi mpweya wosayenda: ndinali nditachipatsa zonse zimene chimafuna.

Yesani chomwecho: chotsani zivundikiro zonse, tsegulani kabowo, unikani ndi tochi mopendeketsa. Timadontho ta fumbi mkati n'tachibadwa, musade nato nkhawa. Timizu ndiye chuku.

Kupewa kwake n'kotchipa. Pezani chigubu cha pulasitiki chotseka bwino, muikemo silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndi kachipangizo koyeza chinyezi, ndipo chinyezicho chikhale pakati pa 40% ndi 50%. Silica gel akakhuta madzi muumitseni mu uvuni pa moto wochepa. Chikwama chonyowa ndi chiperoni chiyanikeni chopanda kanthu. Ndipo lenzi imene imatuluka kawirikawiri sichita chuku msanga.

Kwa katswiri, mwamsanga: chuku chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi, ndipo chipsera chake sichichoka. Ipatuleni lenziyo kwa zinzake. Musamasule nokha, chifukwa galasi limodzi likabwerera mopotoka pang'ono mwabwereranso ku vuto loyamba lija.

## 5. Kamera ikuzima, kapena ikukana kujambula

1. Batire lazizidwa. Ku Nyika, pamtunda wopitirira mamita 2,000, mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Batire limene linali lodzaza usiku, m'mawa limaonetsa kuti latha. Liikeni m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, libwerera. Pogona lowani nalo m'bulangeti.
2. Zodya moto mwakachetechete. Wi-Fi, Bluetooth, GPS, ndi chizolowezi choonera chithunzi chilichonse mukangojambula. Kamera yopanda kalilole imafuna mabatire awiri kapena atatu patsiku la kutchire.
3. Silinadzaze n'komwe. Magetsi anathima pakati pa usiku, kapena pamsasa anazimitsa jenereta. Onani m'mawa musananyamuke.
4. Lenzi ndi kamera sizikumvana. Pa Canon mudzaona Err 01. Zimitsani, chotsani lenzi, pukutani timano tagolide ndi kansalu kouma, bwezerani mpaka ilire kuti khethe. Pa Nikon, FEE ikutanthauza kuti mphete ya kabowo pa lenzi yakale sinaikidwe pa nambala yaikulu kwambiri.
5. Batire lakalamba, kapena ndi lachinyengo. Yesani la mnzanu.
6. Yatenthedwa. Makamaka pojambula vidiyo masana. Iikeni pamthunzi, tsegulani kachitseko ka batire.

Siyani pomwepo: batire lotupa, lotentha modabwitsa kapena lonunkha musalitchajenso. Ndipo musatsegule kamera kapena flash kuti muone mkati. Muli kachipangizo kosunga magetsi okwana mavoti pafupifupi 300 ngakhale batire litachotsedwa.

## 6. Khadi likukana, kapena zithunzi zasowa

Choyamba: lekani kujambulirapo. Chithunzi chatsopano chilichonse chikhoza kukwirira chakale chimene chikanapulumuka. Kompyuta ikakufunsani ngati mukufuna kufomata, kutanthauza kufufuta zonse za pakhadi, kanani.

1. Kaloko ka m'mbali mwa khadi la SD katsika. Kakwezeni.
2. Khadi linachotsedwa kamera ikadali kulemba, kapena batire linathera pakati.
3. Khadi layenda m'foni, m'kompyuta ndi m'makamera angapo osafomatidwa. Mukakopera zithunzi kawiri, lifomateni mu kamera imene muligwiritse ntchito.
4. Kamera ndi yakale, khadi ndi lalikulu. Makhadi opitirira 32GB ndi a mtundu wa SDXC, ndipo makamera ena akale sawadziwa.
5. Khadi ndi lachinyengo. Lalembedwa 128GB koma mkati ndi laling'ono, limalandira zithunzi mpaka penapake, zotsatira zonse n'kukhala zowonongeka. Pulogalamu ya H2testw imaliulula. Liyeseni musanapite nalo kutali.

Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imabweza zithunzi zambiri zofufutika. Zimene yapeza zisungeni pa kompyuta, osati pakhadi lomwelo.

Kwa katswiri: khadi losweka kapena limene kompyuta iliyonse sikuliona, ndiponso timano topindika m'kabowo ka khadi la CompactFlash. Mukakankha mwamphamvu mukhoza kupsereza kamera.

## 7. Filimu yabwera yolakwika

Osangoona zithunzi zimene akusikanirani. Itanitsani filimu yeniyeniyo, muiyang'ane powala. M'mphepete mwake mumakhala manambala ndi dzina la filimu, ndipo zimenezo ndi mboni.

Yoyera yonse, manambala a m'mphepete alipo. Kutsuka kunayenda bwino, filimu ndiyo sinalandire kuwala. Kawirikawiri sinakole polowetsa: munkakoka chogwirira chosunthira filimu, nambala ikukwera mpaka 36, filimu ili phee m'chigoba chake. Mukatseka chitseko, yang'anani kagudumu kobwezera filimu. Kayenera kuzungulira nthawi iliyonse mukakoka. Chifukwa chachiwiri ndi shata yosatseguka: tsegulani kumbuyo kamera ili yopanda filimu, loza kowala, dinani muone.

Yoyera yonse, manambala palibe. Vuto lili kotsukira, mankhwala anatha mphamvu kapena anasokonezedwa. Kamera isiyeni.

Yakuda yonse, kapena zithunzi zingapo zotsatizana zapsa. Chitseko chinatseguka filimu isanabwezedwe.

Malawi ofiira kapena achikasu m'mbali. Kuwala kukulowera kumbuyo. Makamera a m'ma 1970 ndi 1980 ali ndi siponji yopyapyala m'mphepete mwa chitseko, ndipo ikakalamba imasanduka phala lakuda lomata. Ikhudzeni ndi kamtengo, ikamata yatha. Muli paulendo, matani tepi yakuda ya magetsi kuzungulira chitseko, makamaka kumahinji. Kusintha siponjiyo ndi ntchito imene munthu wodekha angachite yekha.

Zithunzi zonse zada kapena zawala mofanana. Onani kaye ngati munaika ISO yoyenera pa kamera. Kenako batire la mita. Makamera monga Olympus OM-1, Minolta SR-T 101 ndi Canon FTb anapangidwira batire la mercury la mavoti 1.35, limene linasiya kupangidwa. La masiku ano la 1.5 limalowa koma mita imanama. Mabatire a zinc-air a zothandizira kumva amayandikira mphamvu yoyenera, ngakhale sakhalitsa. Kuti muyese mita, tulukani padzuwa loswa mtengo: ndi filimu ya ISO 100, pa f/16, iyenera kunena cha m'ma 1/125. Pentax K1000 ilibe pozimitsira mita, chivundikiro cha lenzi ndicho chimaipumitsa, ndiye mukachisiya chosavala batire limangotha. Canon AE-1 ikakana kudina, yambani ndi batire lake la mavoti 6, chifukwa popanda ilo shata siyenda.

Mitundu yafwifwa, timchenga tachuluka, zonse zili mbuu. Filimu inatenthedwa m'galimoto, kapena inapitirira nthawi yake, kapena inadutsa m'makina a pabwalo la ndege. Poti malo otsukira filimu akusowa kuno kwathu, ambiri timatumiza ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo apa ndi pamene zimaonongekera. Filimu isalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Makina akale oyezera katundu wa m'manja savulaza kwenikweni filimu yochepera ISO 800 ikadutsa kamodzi kapena kawiri, koma atsopano a CT amaiononga ulendo umodzi wokha. Iikeni m'kapepala koonekera, mupemphe mwaulemu kuti aiyang'ane pamanja. Kunyumba isungeni m'firiji, ndipo mukaitulutsa dikirani ola limodzi kapena awiri musanatsegule kachitini kake.

Mzere wowongoka kudutsa zithunzi zonse. Kamchenga kali pachitsulo chopanikiza filimu kapena pakamwa pa chigoba. Pemererani mkati musanalowetse ina, ndipo filimu isayende yopanda kachitini kake m'thumba.

Timabowo ta m'mphepete tang'ambika. Munakakamiza chithunzi cha 37, kapena munabweza osadina kabatani ka pansi. Chogwirira chikalimba, chalimba.

Kwa katswiri: mbali imodzi ya chithunzi yakuda pa 1/500 ndi 1/1000, zithunzi zokwerana, chogwirira chokakamira, kapena kalilole wosabwerera. Nsalu ya shata musaikhudze ndi chala, ndipo mafuta a makina osokera kapena othira pa loko asayandikire kamera.

## 8. Yagwera m'madzi, kapena yagwa pansi

Bwato likapendekeka kapena mvula ya mabingu ikakupezani pa Sapitwa, mtima umafuna kuyatsa kuti muone ngati ikadali moyo. Musatero. Madzi okha sapha msanga, chimapha ndi magetsi oyenda m'madzimo.

- Chotsani batire ndi khadi nthawi yomweyo. Khadi likauma nthawi zambiri limawerengeka.
- Pukutani kunja, tsegulani timakomo tonse, iikeni pamthunzi podutsa mphepo.
- Musaiike padzuwa, pambali pa mbaula, kapena pa chowumitsira tsitsi. Mpunga nawo suchita zimene anthu amaunenera, umangowonjezera fumbi. Silica gel ndiye bola.
- Ngati muli filimu, ibwezeni m'chigoba pang'onopang'ono, muuze otsuka kuti inanyowa.
- Ikagwa pansi n'kupindika pomangira lenzi, kapena filter ikaphwanyika n'kukanirira, musalimbane nayo ndi pulayala.

Ifikitseni kwa wokonza makamera m'masiku ochepa, dzimbiri lisanayambe. Wokonza mafoni, ngakhale waluso, mufunseni kaye ngati anatsegulapo mtundu umenewo. Popita tengani batire, tchaja, lenzi imene inalipo, ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu zoonetsa vutolo zosasinthidwa pa kompyuta, chifukwa mkati mwake mumalembedwa shata, kabowo ndi ISO. Muuzeni tsiku limene zinachitika, ngati anali madzi a mvula, a m'nyanja kapena amatope a mu Shire, ndipo ngati munaiyatsa itanyowa, nenani.